Batani Lachitatu la a Yatsaninso

Pakampani ina yonyamula maphukusi panali munthu mmodzi amene aliyense ankamusaka zinthu zikaima, n'kumuiwala zikayenda. Ankawatchula kuti a Yatsaninso, chifukwa kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri yankho lawo linali limodzi. Pulinta yadya pepala? "Zimitsani, yatsaninso." Kompyuta ya pakauntala yauma? "Zimitsani, yatsaninso." Tsiku lina dalaivala wina anadandaula kuti mkazi wake wasiya kumulankhula, anzake onse n'kuyankhira pamodzi mawu omwewo, ndipo a Yatsaninso eni ake anaseka mpaka kutsokomola.

Ankakhala m'kachipinda kopanikizika pakati pa stolo ndi ofesi ya abwana. Khoma loyang'ana kukhonde linali la galasi, moti wodutsa aliyense ankaona zimene zili pa sikirini yawo. M'katimo munali fani yolira ngati ikudandaula, katoni ya mawaya amene palibe ankadziwanso ntchito yake, ndi mpando wopendekera kumanzere umene unawapendeketsa nawonso.

Ntchito yawo yeniyeni inali ya seva. Mayina a otumiza, mayina a olandira, ndi njira ya lole iliyonse, zonse zinkasungidwa mmenemo. Seva imeneyi iwo sanaionepo. Inali kachigawo chabe ka makina aakulu a kampani ina yakutali yobwereketsa malo oterowo, ngati mmene munthu amachitira lendi chipinda m'nyumba ya eni. Ankalowamo pa intaneti, kudzera pa tsamba la mabatani asanu akuluakulu. Pulogalamu ya maphukusi inali yokalamba, ndipo ikagwira ntchito sabata yathunthu inkayamba kukwawa. Choncho Lolemba lililonse seveni koloko, a Yatsaninso ankadina batani lachitatu kuchokera kumanzere, lobiriwira, seva n'kuzima n'kudzukanso ili ndi mphamvu. Pakatha mphindi zitatu mapepala a maulendo ankatuluka, malole n'kunyamuka.

Eni seva aja anali anthu achimwemwe zedi. Mwezi uliwonse ankatumiza imelo, ndipo iliyonse inkayamba ndi mawu akuti ali ndi nkhani yabwino kwa makasitomala awo okondedwa. Lero awonjezera liwiro. Mwezi wamawa atsegula nyumba ina ya makina kudera lina. Kenako asintha mitundu ya tsamba kuti lioneke lamakono. Kenakonso, pofuna kukuteteza kwa akuba, kulowa kudzafunika manambala asanu ndi limodzi otumizidwa pa foni, amene amafa pakatha theka la mphindi. A Yatsaninso akaona imelo yotere ankapumira m'mwamba. Nkhani yabwino iliyonse inkawadyera masiku atatu, ndipo palibe anabwerapo kudzawafunsa ngati zakalezo zinawalakwira.

Kale ankangotopa nazo basi. Koma zaka ziwiri zapitazo pakati pa chilichonse chimene ayang'ana panayamba kukhala kankhungu. M'mbali ankaona bwinobwino: chitseko, fani, munthu wodutsa pakhonde. Koma nkhope ya munthuyo, kapena mzere umene akufuna kuwerenga, zinkabisala m'kankhungumo. Dokotala wa maso anawaunika ndi katochi, n'kunena mosazungulira kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndipo magalasi sangathandize kwenikweni. Mankhwala angachedwetse, koma sangabweze.

A Yatsaninso anauza akazi awo okha. Kuntchito anatseka pakamwa, chifukwa anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, chitsiriza wawo anali asanamalize sukulu ya unamwino, ndipo sankaona kuti kampani ingasunge bwanji munthu wa makompyuta wosatha kuwerenga. Panalinso kamanyazi, tisabise. Munthu amene aliyense amathamangira kwa iye savomera msanga kuti nayenso akufuna womugwira dzanja.

Ndiye anaphunzira kuba. Anthu ankawazindikira ndi mawu kapena kayendedwe, ndipo akaphonya, madalaivala ankati a Yatsaninso ayamba matama masiku ano. Pepala likabwera loti awerenge, ankanena kuti pulinta yatha inki, n'kulisiya patebulo. Wobweretsayo akatuluka, ankalijambula ndi foni, n'kupita nalo kuchimbudzi kukalikulitsa mpaka liwu limodzi lidzaze foni yonse. Mlonda anafika powalangiza mankhwala a m'mimba. Kukulitsa zilembo pa kompyuta sakanatha, chifukwa cha galasi lija. Koma batani lachitatu silinkafuna maso. Dzanja linkalidziwa lokha, ngati mmene phazi limadziwira sitepe yothyoka ya pakhomo.

Maimelo a eni seva ankawawerengetsa kunyumba. Akazi awo anali telala, ankasoka makatani ndi mayunifolomu m'chipinda chochezera, ndipo Lamlungu masana ankasiya makina, n'kuvala magalasi, n'kuyamba kutsata mizere pa foni ndi chala chokhala ndi zipsera za singano. Mawu a amisiri ankawapunthwitsa, koma ankawerenga mokweza ngati akulengeza m'tchalitchi.

"Akuti ali ndi nkhani yabwino," anatero Lamlungu lina.

"Ndafa ine. Pitirizani."

"Akuti amanga tsamba latsopano, lopepuka, loyera, lopanda mawu ambirimbiri. M'malo mwa mabatani aika tizithunzi. Lakale lija alitseka pa wani mwezi wamawa." Anatsitsa foni. "Abambo, kodi lakalelo si lomwe mumalidziwa pamtima lija?"

"Lomwelo."

"Ndiye muwauza liti abwana anu?"

"Ndiwauza chiyani? Ndiphunzira latsopanolo. Si koyamba."

"Koyamba munali ndi maso. Inu mukufuna adzakugwireni ngati wakuba, m'malo moti mukanene nokha ngati munthu wamkulu. Pakadafunda padajiwitsa galu, abambo."

"Galuyo ndine, ndamva. Werengani zotsalazo."

Anawerenga, koma mawu awo anali atauma, ndipo atamaliza anabwerera pamakina n'kupalasa mwaukali ngati nsaluyo ndi imene yawayankha.

Kunena zoona, a Yatsaninso anayesetsa. Mwezi wonsewo tsamba latsopano linali lotsegula kwa ofuna kuzolowera. Linali loyera mbee, tizilembo take totuwa, tizithunzi tisanu ndi kamodzi titandanda pamwamba. Akazi awo anawafotokozera pa foni kalikonse ndi ntchito yake, koma pa foni tinkaima chotsika pomwe pa kompyuta tinkaima chopingasa. Anawachenjezanso kuti tiwiri n'tofanana, tonse timivi topindika: kena kodzutsa seva, kena kofufuta zonse kuti seva iyambe ngati yatsopano. Loweruka lina antchito ataweruka masana, a Yatsaninso anatsalira, anakulitsa zilembo, anapeza kamuvi koyenera, n'kumata kachidutswa ka tepi m'mphepete mwa sikirini, pamwamba pake penipeni. Anapita kunyumba akuimba kamluzu, koyamba pa miyezi ingapo.

Lolemba loyamba la mwezi linafika ndi mvula yowaza. Malole asanu ndi atatu anali pabwalo, madalaivala atabisala pakhonde, ena atatsamira galasi la kachipinda kaja. Pulogalamu inali itaumiratu. A Yatsaninso analemba pasiwedi, foni n'kunjenjemera ndi manambala aja. Anawakulitsa pansi pa tebulo, limodzi limodzi, koma asanafike pa lachisanu anali atafa kale. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu analowa, malaya atanyowa kukhwapa.

Tsamba lakale kunalibe, zimenezo ankayembekeza. Chimene sankayembekeza n'chakuti anthu achimwemwe aja anali atawonjezeranso kanthu kena kumapeto kwa sabata. Ndi m'mbali mwa diso anawerenga tizithunzito: tinali tisanu ndi tiwiri. Mzere wonse unali utasuntha, ndipo tepi yawo inkaloza pakati pa tiwiri, pamalo opanda kanthu.

Anasankha ka kumanzere, n'kudina. Panatuluka kabokosi kofunsa chinachake, mizere itatu yotuwa, ndi malo awiri oyankhira. Akayang'ana mzere woyamba, kankhungu kankakhala pomwepo. Akatsitsa diso, nako kankatsika. Anatenga foni kuti ajambule, athamangire kuchimbudzi monga mwa masiku onse, ndipo nthawi yomweyo chitseko chinatseguka.

Anali abwana, mayi wa zaka makumi anayi ndi mphambu, amene anabwera pakampanipo ngati kalaliki wa pakauntala, ndipo a Yatsaninso ndi amene anawaphunzitsa kugwira mausi. Sanali munthu wankhanza, koma m'mawa umenewo foni yawo inali italira kale kasanu.

"A Yatsaninso, kota pasiti seveni iyi. Chavuta n'chiyani?"

"Asintha tsamba, abwana. Pang'ono pokha."

"Si apo lakufunsani? Vomerani tizipita."

Anaima kumbuyo kwa mpando, akuyang'ana pabwalo, ambulera ikudontha pansi. A Yatsaninso anaika foni patebulo n'kubwezera dzanja pa mausi. Kudina kunali kosavuta. Mwina kanali kamuvi koyenera, malole n'kunyamuka, iwo n'kupeza sabata ina yathunthu yosunthira tepi. Mwina kanali kenako. Makope a zosungidwazo analipo ndithu, a Lachisanu, koma kuwabwezeretsa inali ntchito ya tsiku lonse, ntchito ya munthu wa maso, ndipo maphukusi onse a Loweruka akanakhala m'stolo opanda mwini. Munali mankhwala a chipatala china mmenemo, anamva a pakauntala akunena.

Chimene anamva si mantha kwenikweni. Anamva kutopa, kutopa kwa zaka ziwiri za kuchimbudzi, za inki yosatha imene ankainamizira, za kumwetulira nkhope zimene sakuziona. Anachotsa dzanja pa mausi n'kuliika pabondo.

"Abwana, ndiwerengereni."

"Mwati?"

"Kabokosika. Ndiwerengereni. Sindikuona."

"Magalasi mwaiwala?"

"Si za magalasi. Maso anga anatha, mayi. Ndimaona m'mbali mokha. Nkhope yanu sindinaione chaka chino chonse."

Fani inapitiriza kudandaula. Abwana anatsamiritsa ambulera kukhoma, anakankha chitseko ndi phazi kuti chitsekeke, n'kuwerama pafupi ndi sikirini. Anawerenga chamumtima kaye, ndipo a Yatsaninso anamva mpweya wa abwanawo ukuima.

"Akuti, kodi mukutsimikiza kuti mukufuna kufufuta zonse za mu seva iyi? Zimenezi sizingabwezedwe."

"Kanani. Kenako dinani kamuvi ka kumanja kwake."

Abwana anakoka katoni ya mawaya, n'kukhalapo ndi siketi yawo yabwinoyo, n'kutenga mausi. Anakana, anadina kamuvi kenako, anawerenga mokweza funso lake, a Yatsaninso n'kugwedeza mutu. Anadikira mphindi zitatu zija osayang'anana. Kukauntala pulinta inayamba kulira, ndipo pakhonde madalaivala anakuwa kuti, "Yatsaninso! Yatsaninso!" uku akuthamangira mapepala awo.

"Kuyambira liti, bambo?"

"Zaka ziwiri."

"Zaka ziwiri! Ine ndimadutsa pagalasi apa kakhumi pa tsiku."

"N'chifukwa chake."

Abwana anatembenukira ku sikirini. Manja awo anasowa chochita, ndiye anayamba kuyendetsa mausi pa tsambalo mopanda cholinga, akuwerenga timawu totuluka pa kachithunzi kalikonse, mwina pofuna kuti m'chipindamo mumveke mawu ena alionse. Atafika pa kachisanu ndi chiwiri anawerenga asanaganize.

"Aka akuti n'katsopano. Akuti mutha kusankha tsiku ndi nthawi, seva izizima ndi kudzuka yokha sabata iliyonse, popanda munthu..."

Anasiyira pomwepo, koma mawu anali atatuluka kale. Panja lole yoyamba inaliza injini, n'kudutsa pageti. A Yatsaninso anamvetsera mpaka yachitatu. Zinawapweteka kwambiri, kuposa tsiku la kwa dokotala, komabe ankadziwa kuti chinthucho n'chabwino. Pa nkhani zabwino zonse za anthu aja, iyi yokha ndi imene inali yoona.

"Tisiye kaye zimenezi," anatero abwana msangamsanga. "Tikambirana bwino, tipeza pokuikani, musadandaule. Izi sizikuthamangira."

"Yatsani, mayi. Ine sindingadzadinenso pamenepo. Mwaona nokha pamene dzanja langa linali."

Abwana anadina. Mawu awo anali atatsika.

"Akufunsa tsiku."

"Lolemba."

"Nthawi? Seveni koloko?"

A Yatsaninso anaganiza pang'ono, mutu utapendekera kumene kunkamveka malole.

"Ikani sikisi. Ine ndinkadina seveni koloko chifukwa ndi nthawi imene ndimafika. Anyamatawa asamadikirenso pamvula."