Puloti ya Kumbuyo ku Sunnyside

Bambo atamwalira anatisiyira nyumba yakale ku Sunnyside, yokhala ndi bwalo lalikulu. Ana tinalipo atatu: achimwene, achemwali ndi ine chitsirizira. Tinagwirizana kuti malowo tiwadule patatu, aliyense akhale ndi pake.

Achimwene sadziwa kudikira. Loweruka la sabata yomweyo anabwera ndi chingwe ndi zikhomo, nayeza ndi mapazi, basi nkhani yatha. Iwo anatenga kutsogolo kuli nyumba, achemwali pakati, ine kumbuyo kumapeyala.

Poti ndimagwira ntchito m'tauni, za mapepala anandisenzetsa ine. Ndinapita ku ofesi ya mapulani nthawi ya nkhomaliro, m'manja muli chojambula cha achimwene papepala long'amba m'kope. Mayi amene ndinawapeza anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, puloti ya kumbuyoyi muzidzalowera kuti?"

"Ndizidzadutsa m'mbali mwa nyumba."

"Inuyo mudzadutsa. Nanga galimoto yozimitsa moto?"

Anandiuza kuti tisanakumbe chilichonse tipeze saveya, katswiri woyeza malo, ajambule mapu osonyeza msewu wolowera, kopita madzi a mvula ndi mapaipi a pansi, iwo awaone kaye. Ndinatuluka mutu ukuwawa, nkhomaliro osadya.

Ulendo wachiwiri anandibweza chifukwa achemwali sanasaine fomu. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe kushopu kwawo, n'kupeza atseka, apita kumaliro. Ulendo wachitatu anati komiti sinakhale, ndidzabwere mwezi wamawa. Uku achimwene foni tsiku ndi tsiku.

"Kodi iwe kumeneko umakatani? Umangokacheza eti?"

"Achimwene, pitani nokha mukaone."

Sanapiteko ngakhale kamodzi.

Mapu a saveya atatuluka m'pamene zinavutiratu. Pansi pa mapeyala paja pamadutsa paipi ya suweji yochokera nyumba za kumtunda, ndendende pomwe ndinkafuna kumanga. Pamwamba pake samangapo. Ndiponso msewu wofika kumbuyoko ukanadya pafupifupi theka la malo a achemwali. Mayi aja anandifotokozera modekha, cholembera chikuyenda pamapu, kuti pamenepa pangatuluke mapuloti awiri okha.

Titakumana pakhonde Lamulungu, achimwene anandikalipira ngati paipiyo ndinaikwirira ndine. Anati ndine wofatsa mopusa, munthu wochenjera akanadziwa wolankhula naye. Achemwali anangowerama, kusewera ndi makiyi. Ine miyezi isanu ya kukwera masitepe a ofesi ija inandikwera kumutu.

"Tengani awiriwo," ndinatero. "Koma mapepala otsalawo muyendere nokha."

Ndinasiya failo patebulo n'kunyamuka.

Achemwali anandilondola mpaka pageti, akuti ndisapse mtima, tidzakambirana. Sitinakambiranenso. Achemwaliwo anamaliza mapepala chaka chotsatira, ndipo anamanga nyumba yabwino ndithu. Ine ndikuchitabe lendi ku Soche. Ine ndi achimwene timayankhulana, makamaka pamaliro ndi paukwati.