Mtanda Umodzi wa a Olipa

A Olipa Zulu a ku Pembamoyo anali mayi ojintcha, odziwika m'mudzi monse chifukwa cha thobwa lawo lokoma. M'chaka cha 1994 anayamba kumva ludzu losatha, ndipo kuchipatala ku Chipata anawapeza ndi matenda a shuga. Anawauza kuti thobwa ndi mizimbe asiye, nsima ndi mbatata achepetse kwambiri.

Amuna awo, a Yoweli, anangopukusa mutu. "Inu amake Chipiliro, khasu mungaligwire ndi masamba okhaokha m'mimba?"

Zoonadi, a Olipa atayesa kusiyiratu nsima anachita chizungulire m'munda wa thonje mpaka kukhala pansi pamzere. Nyama inali yosowa, ndiye anadziikira lamulo lawolawo: mtanda umodzi waung'ono, nkhwani wotendera wodzaza mbale, ndi mazira a nkhuku zawo amene kale ankagulitsa.

Thupi linatsika, manong'onong'o n'kuyamba. Masiku amenewo munthu akaonda, anthu ankangoti ndi kaliwondewonde basi. Pamaliro ena mayi wina anawakankhira mbale ya nsima pafupi, nati, "Idyani amayi, mwina mungabwezeko thupi."

A Olipa anatenga mtanda umodzi, mbaleyo n'kuibweza. "Ndikudziwa zimene mumandinena kuchitsime," anatero mokweza kuti onse amve. "Sindingadziphe ndi nsima pofuna kutseka pakamwa panu. Amene akukayikira mphamvu zanga akandipeze kumunda."

Chaka chimenecho mtedza wawo anakumba okha mpaka kumaliza, ndipo atagulitsa anapita paboma kwa telala kukachepetsa madelesi awo onse.