Pamene Tsache la Mayi Tabita Linalambalala

Pa Malomo, mukapitirira pamene amakonza njinga n'kukhotera kamsewu kotsikira kudambo, pali chinyumba chachitali cha malata chimene anthu amangoti kufakitale. M'masiku ake ankayengeramo mafuta a mpendadzuwa, ndipo fungo lake linkafika mpaka pokwerera maminibasi. Mwini wake anali bambo Gwaza, mlimi wa fodya amene anatopa ndi kulira mitengo ya ku okushoni. Koma munthu amene ankaidziwa fakitaleyo mpaka kumchira sanali a Gwaza ayi. Anali mayi Tabita Nachisale, osesa.

Kwawo kwenikweni a Nachisale ndi ku Nachisaka. Pa Malomo anabwera ndi ukwati, ukwatiwo n'kuwasiya panjira. Bamboyo anapita kukagwira utenanti ku Kasungu ndipo mpaka lero akuti akubwera. Atatsala ndi ana atatu, anapita kwa a Gwaza kukapempha ganyu yosoka matumba. Atauzidwa kuti adikire pakhonde, anaona kuti pakhondepo pali makoko a mtedza, natola tsache n'kuyamba asesa kaye asanakhale pansi. A Gwaza anawaonera pawindo. Matumba sanasoke ngakhale limodzi, koma tsiku lomwelo a Gwaza anawapatsa kiyi wa chitseko chakumbuyo.

Anthu amaganiza kuti kusesa sikufuna mutu. Amatero ndi anthu amene sanasesepo nyumba imodzi kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Mayi Tabita ankawerenga simenti ya pansi ngati mmene ena amawerengera nyuzi. Akapeza kabawuti pafupi ndi makina, ankauza mekaniki makinawo asanayambe kukhosomola. Kadontho kouma pafumbi kankawauza lata limene msomali wake wamasuka. Makoswe akasintha njira, iwo ndiwo ankayamba kudziwa. Ndipo pa ukhondo analibe masewera. Anyamata onyamula matumba ankawaseka kuti akadzamwalira adzadzuka m'bokosi kuti asese kaye kumanda, iwo n'kuyankha kuti bola iwowo adzakhala ndi chodzukira.

Ndi tsache lomwelo limene linawauza za mtanda waukulu, mtengo wa bulugamu wonyamula denga la chipinda chosankhiramo mbewu. M'mawa wina anapeza timibulu ta dothi lofiira pansi pake, tosakanikirana ndi fumbi longa gaga. Anasesa. Mawa lake tinabweranso, pamalo omwewo, mumzere wowongoka. Chiswe chinali chitakwera mkati mwa khoma n'kulowa mumtandamo, kunja osaonetsa kanthu. Anauza a Gwaza, ndipo mkuluyo anayang'ana kumwamba nthawi yaitali nati asintha mtandawo mvula ikatha. Mvula isanathe iye ndiye anatha, ndi matenda a shuga.

Fakitale inatsala m'manja mwa mwana wake Vinsenti, amene amakhala ku Lilongwe. Sanali munthu woipa. Kungoti mafuta a mpendadzuwa sanali mumtima mwake, ndipo makina ataima sanawadzutsenso. Komabe mayi Tabita sanawachotse. Anati azisesabe ndi kutsegula mawindo kuti nyumba isafe. Za mtanda anamuuza kawiri. Kachiwiriko anayankha akuyang'ana foni.

"A Nachisale, inu zanu ndi zapansi. Zakumwambazo tisiyireni ife."

Chaka chatha kunapezeka ogula. Linali gulu la alimi a mtedza ndi soya ochokera m'midzi yozungulira, ambiri mwa iwo amayi, wapampando wawo mayi Susana Kamwendo. Ankafuna malo osankhiramo mtedza ndi kupangiramo chiponde. Vinsenti anabwera ndi laimu, makoma n'kuyera mbee. Mitanda yonse anaipaka oyilo wakuda wa galimoto, ikuchita kunyezimira ngati yadulidwa dzulo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Bungwe limene linkathandiza alimiwo linati silingavomereze kugula popanda katswiri woona nyumba. Kutatsala tsiku limodzi kuti katswiriyo afike, Vinsenti anaitana mayi Tabita pakhonde.

"Mayi, mawa kubwera alendo. Ndikufuna pansi pawale, munthu athe kudyerapo. Makamaka m'chipinda chosankhira muja. Mwandimva?"

"Ndamva, bwana."

"Ndipo musadandaule za ntchito. Ndawauza ogulawo kuti nyumbayi ikugulitsidwa pamodzi ndi inu. Avomera."

Anaseka, nawonso anaseka, poti mawuwo anali okoma ndithu. Pa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, opanda munda wawo pa Malomo, ndani akanawalembanso ntchito? Kiyi ujayo ndiye anali munda wawo. Koma popita kunyumba ankangoganiza za mtanda uja. Ankadziwa mmene amayi amakhalira posankha mtedza. Amayala mphasa pakati pa chipinda, pamene kuwala kwa mawindo awiri kumakumana, miyendo tambalale, makanda ali pambali. Pakati pa chipindacho ndi pansi penipeni pa mtanda. Anachita mantha, ndipo anakwiya kuti mantha amenewa awasenzetsa iwo okha.

Kunena pamaso pa alendo sakanatha. Iwo ndiwo anamubereka Vinsenti kumbuyo ali wamng'ono mayi ake akudwala, ndipo mchere wa bambo ake anaudya zaka zonsezi. Munthu sungaimirire pagulu n'kumuvula mwana wa bwana wako. Komanso mawu a wosesa, pakati pa anthu a mapepala, amalemera bwanji? Akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika.

M'mawa mwake anafika dzuwa lisanatenthe. Anasesa khonde, anasesa kumakina, anakolopa mu ofesi. Atalowa m'chipinda chosankhira anapeza mzere wawo uja uli pomwepo, dothi lofiira ndi fumbi la mtengo, lero lochulukirapo chifukwa oyilo anali atachivundula chiswecho. Anayamba kukona monga mwa masiku onse. Tsache litafika pamzerepo, dzanja linafuna kupitiriza lokha. Analigwira. Anasesa mbali iyi, anazungulira, anasesa mbali inayo, n'kusiya zinyalala pakati pa chipinda choyera. Chibadwire anali asanachitepo zotere, ndipo manyazi anawagwira ngati atuluka panja osavala mpango.

Alendo anafika cha m'ma teni, alimi wapansi, Vinsenti ali m'galimoto ya katswiri. Katswiriyo anali bambo Andreya Msakambewa, wamfupi, wa chipewa cholimba chachikasu ndi tochi m'thumba. Anayeza makoma, anagogoda simenti ndi kahamala, anatsegula bokosi la magetsi, anajambula ngalande zakunja. Mitanda anaiunika ndi tochi ali pansi, nagwedeza mutu mokhutira. Makwerero panalibe. Vinsenti anati anabwerekedwa.

Atalowa m'chipinda chosankhira, mayi Susana ndiwo anayamba kuona. Anakoka mnzawo chitenje n'kunong'ona, koma kunong'ona kwa mayi Susana kumamveka kutsidya kwa msewu.

"Osesa ake ndi amenewa akuti tiwatenge? Taonani umve pakati pa nyumba."

Mayi Tabita anali pakhomo, manja kumbuyo. Mawuwo anawalasa kuposa mmene ankayembekezera. Anayang'ana pansi.

A Msakambewa anali atadutsa kale, koma anabwerera. Anagwada, natapa dothilo ndi zala, nalifikisa. Kenako anayang'ana simenti yozungulira, yoyera mpaka m'makona, mizere ya tsache ikuchita kukhota mwaulemu polambalala. Anatsatira mzere wa dothi ndi maso kuchoka kukhoma lina kufika lina, n'kukweza mutu. Sanayang'ane kwa mayi Tabita ngakhale pang'ono, ndipo iwo anamuthokoza mumtima chifukwa cha zimenezo.

"Ndipezereni nsungwi yaitali," anatero. "Ndipo nonse muime kukhomo."

Anamangirira sikuludiraiva kunsonga kwa nsungwi n'kubaya mtandawo pakati. Chitsulo chinalowa chonse ngati mu dzungu lophika. Atachizula, dothi linakhuthuka pachipewa chake, chiswe chili yakaliyakali. Mayi Susana anagwira pakamwa. Mmodzi mwa amayiwo anasuntha mwana amene anali kumsana n'kumubweretsa kutsogolo.

"Denga ili likugwiridwa ndi chizolowezi basi," anatero a Msakambewa akulemba. "Mphepo ya mvula yoyamba ikhoza kulitsitsa. Musalowemo mpaka mitanda yonse itaonedwa."

Kugula kunaima pomwepo. Alimi ananyamuka wapansi akukambirana za shedi ina ya ku Ntchisi boma, ndipo palibe anatsanzika wosesa. Vinsenti anaperekeza katswiri kugalimoto, n'kubwerera yekha. Anawapeza mayi Tabita akuwola dothi lija, poti tsopano linali litamaliza ntchito yake. Nkhope yake sinali ya ukali kwenikweni. Inali ya mwana amene wagwidwa ndi munthu amene anamusambitsapo.

"A Nachisale, mwakula. Maso amatopa. Munaiwala, eti?"

Iwo anapitiriza kuwola.

"Ingonenani kuti munaiwala, nkhani ithere pompa. Muzisesabe mpaka ndipeze wogula wina. Koma ngati munachita dala, mukudziwa nokha kuti sindingasunge munthu wotero pakhomo."

Anali kuwatsegulira khomo, ndipo iwo analiona. Liwu limodzi lokha, ndipo mwezi wamawa akanagula ufa monga kale. Koma wogula wina akanabweranso ndi anthu ake, ndipo Vinsenti akanabweranso ndi oyilo. Anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, namasula mfundo ya pakona ya chitenje pamene pankakhala kiyi. Anamupatsa ndi manja awiri, atapinda bondo.

"Sindinaiwale, bwana," anatero. "Ndinachita kuzungulira."