Mpando wa Pazenera

Achemwali anga anthu amawatchula kuti a Mpendero. Dzinali analipeza chifukwa cha maso awo amwano. Munthu ukawapatsa moni, asanakuyankhe ankayamba ayang'ana m'munsi mwa siketi yako, n'kufunsa kuti anakusokera ndani ndipo unamulakwira chiyani. Anayamba utelala ali mtsikana, pakhonde la sitolo ya eni, pa makina obwereka. Amuna awo atamwalira, ana onse anakula ndi phazi lomwelo lopondera makina.

Kwathu kuno ndi kumene tala amathera. A banki sakudziwako, okudziwako bwino ndi a katapila. Ndiye kutabwera bambo wina wa ku bungwe lobwereketsa ndalama kwa magulu, pa njinga yamoto yamatope okhaokha, ambiri tinamuyesa wakuba wovala taye. Chiongoladzanja chake chinali chochepa moti tinkafunsana kuti nanga iyeyo adya chiyani. Chikole cha mbale kapena matilesi sankachifuna. Ankafuna gulu la ntchito yooneka, lopatsa ntchito anthu amene kwina konse amabwezedwa pakhomo: amayi amasiye, okalamba, atsikana osiyira sukulu panjira.

Achemwali ndi amene anayenda khomo ndi khomo kutolera azimayi. Ine mng'ono wawo anandikoka ngakhale manja anga ndi singano sizigwirizana, anati ndizikasita. Ndalama zitatuluka tinagula makina, tinachita lendi chipinda chomwe kale ankasungiramo simenti, ndipo sukulu ina yapafupi inatipatsa ntchito yosoka yunifolomu. Chipindacho chinali ndi zenera limodzi lokha. Mpando wa pazenerapo panalibe anaulimbirana, unali wa achemwali, ndipo anausokera katsamiro ka zigamba. Ine ndinali pakona yakumbuyo ndi simbi yanga ya makala, kutuluka thukuta ngati ndalakwa.

Zaka zimenezo tinaona kukoma. Ngongole tinkabweza osakomoka nayo. Bambo wa ku bungwe uja akabwera ndi alendo, ankawapititsa molunjika pazenera kuti aone mayi amene anayambitsa zonse. Achemwali ankawayang'ana mipendero alendowo, ife n'kumaluma milomo kuti tisaseke.

Matenda a shuga ndi amene anawalowa m'maso. Ine ndinayamba kuzindikira chifukwa chovala chilichonse chimathera pa tebulo langa, ndipo simbi siibisa msoko wokhota. Kenako anayamba kundiitana chapansipansi kuti ndiwalowetsere ulusi pa singano, ati dzuwa lawathobwa. Kuchipatala anati si ng'ala yoti n'kuchotsa, mitsempha ndi imene yawonongeka, chotsala n'kusamala kuwala kumene kwatsalako. Tikubwerera anandigwira mkono.

"Usauze munthu," anatero. "Ndikachoka pampando paja ndikakhala chiyani? Nkhalamba yopingasa pakhomo la mwana?"

Zoterezi sizibisika nthawi yaitali. Tsiku lina a sukulu anabweza mtolo wonse wa malaya. Makolala anali opendekera, matumba ena pamwamba ena pansi, ndipo nsalu yake inali yogula ndi ndalama za ngongole. Mwezi umenewo tinabweza ngongole mochita kusonkha za m'thumba, ena anagona ndi njala.

Pamsonkhano analankhula ndi a Tcheya, mayi amene achemwali omwewo anamuphunzitsa kugwira sizasi. Sindinganene kuti ndi munthu woipa, ngakhale tsiku limenelo ndikanatha kumuponyera simbi. Ali ndi ana ake, ndipo amene amasaina ku bungwe ndi iyeyo.

"Amayi, tonse pano tinaphunzira kwa inu," anatero akuyang'ana pansi. "Koma a sukulu anena kuti zikachitikanso apita kwina. Pumulani. Makina akhalepo wina."

"Nditha kumasoka mabatani," anatero achemwali. "Batani ndimalimva ndi chala."

"Osoka mabatani alipo kale, amayi."

Anthu anakweza manja kuvomereza kuti achoke. Langa linakhala pa ntchafu, koma dzanja limodzi silinasinthe kanthu. Achemwali anafufuza sizasi yawo patebulo, naiika m'chikwama. Katsamiro anakasiya, sindikudziwa ngati anaiwala.

Kuyambira pamenepo ankakhala pakhomo pa mwana wawo wamkazi, m'kachipinda komwe amasungiramonso njinga ndi ndowa. M'mawa ankasamba, kuvala bwinobwino ngati akupita ku ntchito, n'kukhala pabedi. Ndikapita kukawaona sankafunsa za anthu, ankafunsa ngati makina awo akuthiridwa mafuta. Zinkandiwawa moti masiku ena ndinkazungulira njira ina.

Chaka chitatembenuka, gulu linapempha ngongole yachiwiri, yokulirapo, ya makina amagetsi. Bambo wa ku bungwe anatumiza uthenga kuti abwera ndi mabwana ake kudzaona ngati ntchito ikuthandizadi anthu amene ankayenera kuthandizidwa, ndipo anawonjezera kuti mabwanawo amva zambiri za a Mpendero. Palibe amene anali atamuuza kuti achemwali anachotsedwa. A Tcheya anafika kwa achemwali atanyamula sopo ndi mafuta ophikira, ine ndili pomwepo.

"Mukangokhala pampando paja m'mawa umodzi wokha, amayi. Akakuonani, zathu zitheka."

Ndinapsa mtima. Ndinamufunsa ngati achemwali asanduka maluwa a patebulo, otulutsa kukabwera alendo. Achemwali anandiletsa ndi dzanja.

"Ndikakhala pa makina anga omwe aja?"

"Omwe aja, amayi."

"Ndibwera."

Tsikulo anavala diresi yomwe anasoka okha maso akadali awo. Ndinawagwira mkono mpaka pazenera. Anakhala, anasisita makina, anapeza katsamiro kawo kali pomwepo, ndipo nkhope yawo inawala mwa mtundu umene ndinali nditauiwala. A Tcheya anawapatsa chidutswa cha nsalu yotsala. Zala za achemwali zinatsika kukafufuza pa singano, zinakwera pamwamba pomwe pamakhala ulusi, zinabwereranso. Ulusi unali utachotsedwa, wam'mwamba ndi wam'munsi womwe, kuti usakodwe alendo akuona.

"Undilowetsere," anandinong'oneza.

Ndisanasunthe, njinga yamoto ndi galimoto zinaima panja. A Tcheya anandiyang'ana ndi maso opempha, ndipo alendo anali atalowa kale.

Achemwali anayamba kuponda. Makina analira, nsalu inkayenda, alendo anazungulira mpando akumwetulira ndi kujambula. Bambo wa ku bungwe anafotokoza mwaulemu mbiri yawo yonse, ndipo ankanena kuchokera pansi pa mtima, zimene zinandipweteka koposa. Kenako bwana wina wamkazi anawerama n'kufunsa ngati gululi lasintha moyo wawo. Mawu ochepa okha akanagwetsa ngongoleyo, ndipo ine mumtima ndinkafuna awanene, ngakhale nanenso ndimadya pomwepo.

"Azimayi awa amagwira ntchito, mwanawe," anatero achemwali. "Ana awo akudya. Apatseni."

Mpendero wa bwanayo sanauyang'ane. Alendo anawomba m'manja, natuluka kukamwa zoziziritsa kukhosi. Galimoto isanakhote n'komwe pakona, mayi amene amakhala pampandopo masiku ano anali ataima kale pambali ndi mtolo wa mabuluku, chifukwa a sukulu ankadikira. Achemwali anamumva kupuma kwake, anadzuka okha. Ulendo uno katsamiro anakatenga.

Ngongole ija inatuluka, makina amagetsi alipo, ndipo chithunzi cha achemwali ndikumva kuti chili pakhoma ku ofesi ya bungwe. Koma tsiku lija tikubwerera, titafika pomwe pamatayidwa zinyalala, anaima. Anatulutsa m'chikwama chidutswa cha nsalu chija, chomwe sindinaone pamene anachitengera. Chinali ndi timabowo ta singano tokhatokha.

"Kweza padzuwa," anatero. "Mzere wawongoka?"

Ndinakweza. Timabowoto tinayamba bwino, kenako tinapatuka pang'onopang'ono mpaka kukatulukira m'mbali mwa nsalu. Ndinayamba kusaka bodza labwino.

"Iwe, ndinakulera ndine. Usandinamize."

"Wakhota, achemwali."

Anagwedeza mutu ngati mmene ankachitira akapeza cholakwa pa ntchito ya wophunzira. Anapisanso m'chikwama, natulutsa sizasi yawo, ija sankalola ngakhale mwana wawo kuikhudza, n'kuiika m'manja mwanga.

"Ukamupatse wa pazenera uja. Umuuze asamadulire mapepala."

Anandigwiranso mkono, ndipo ndinawauza kuti kutsogoloku kuli ngalande, akweze phazi.