Dzanja la Ababa

Dzulo adokotala anandiuza kuti chizungulire changachi chikuchokera mkati mwa khutu, momwe muli timadzi tothandiza munthu kuyenda osagwa. Maganizo anga anathamangira ku Chipoka, komwe ndinakulira.

Lachisanu lina ndili mwana, ababa, pochokera kumzikiti, anandipeza ndikusewera fulaye ndi anzanga pafupi ndi njanji. Ankadzandira, thonje lili kukhutu.

"Iwe Asiyatu, abambo ako aledzera!" anzangawo anaseka.

"Mwanangu, tandigwira dzanja, dziko likuzungulira," anatero ababa.

Ndinathawa ndi manyazi. Ndinamva atagwa pamiyala, koma sindinacheuke. Madzulo ndinanunkhiza mkanjo wawo mobisa, kufunafuna fungo la kachasu. Unkangomveka sopo ndi usipa.

Mowa sanaulawepo moyo wawo wonse, ndipo anamwalira ndisanawapepese.