Chitseko cha Mkamwini

Kwathu kunsi kwa phiri la Mulanje lamulo la chuma linali lalifupi, moti ngakhale woledzera ankalinena osaphonya. Chilichonse chozikika pansi n'cha mbumba ya mkazi, chilichonse chonyamulika n'cha mwamuna. Munda, nthochi, nkhokwe ndi nyumba zinali za amayi ndi abale awo. Khasu, nkhwangwa ndi mphasa zinali za abambo. Ife ana ankatiwerengera ku zozikika, ngakhale tinkayenda ndi miyendo.

Abambo anga anali mkamwini, ndiye kuti mwamuna wokhala pamudzi wa mkazi wake. Akamwini ena onse anali ndi kwawo koti zikavuta n'kubwerera, koma iwo adalibe. Adali Mlomwe wochokera kutsidya kwa Ruo. Adathawa Apwitikizi omwe ankamanga anthu zingwe kupita nawo kuntchito, ndipo mudzi wawo udabalalika osatsala ndi galu yemwe. Munthu akawafunsa kuti kwanu n'kuti, ankaloza kummawa ndi mlomo n'kuyamba nkhani ina.

Wosunga lamulo pamudzi pathu anali atsibweni, mlongo wawo wa amayi. Anali munthu wamfupi wa mawu aakulu. Choseketsa n'chakuti nawonso anali mkamwini kutsidya kwa kamtsinje, kumene apongozi awo ankawatuma kukapalira nandolo ngati mwana. Akatopa n'kutumidwa ankawoloka kubwera kwathu kudzakhala bwana. Ankakhala pampando wa abambo, n'kumawakumbutsa kuti mtengo wa mango umene adadzala kuseri kwa nyumba si wawo.

"Ndamva, alamu," abambo ankatero. "Nanga mthunzi wake ndingakhalepo?"

"Khalanipo, koma mobwereka."

Mawu aakuluwo ankachepa pokhapokha kapitawo wa mzungu akamadutsa. Paja mzungu wa munda wa tiyi ankati dziko lonselo, ndi manda athu omwe, adagula kwa mfumu ndi nsalu. Kapitawo ankayenda kuwerenga nyumba, ndipo nyumba iliyonse inkatulutsa munthu wokagwira thangata, ntchito yolipirira malo amene agogo athu adabadwirapo. Tsiku limenelo atsibweni ankavula chisoti n'kumayankha ndi kamawu kang'ono. Kapitawo akangokhota, malo onse ankabwerera kwa iwo.

Nthawi imeneyo aboma ankadula mkungudza pamwamba pa phiri, ndipo abambo adalembedwa ntchito yosenza matabwa kutsika nawo. Ocheka matabwa adawakonda, n'kuwapatsa matabwa angapo amene anali ndi ming'alu kumapeto. Abambo adawapala madzulo aliwonse akaweruka, mpaka adapanga chitseko. Pamudzi ponse anthu ankatseka ndi bango kapena mapesi, ndiye chathu chidali choyamba chathabwa. Chinkanunkhira bwino nyumba yonse, ndipo chiswe chikachinunkhiza chinkabwerera. Amayi oyandikana nafe ankabwera kudzapempha moto ngakhale kwawo ukuyaka, n'cholinga choti agogode amve kulira kwake.

Atsibweni atawoloka kudzachiona adachisisita, n'kuchinunkhiza, kenako adati, "Mbumba yathu yapeza chitseko chabwino."

"N'changa ichi, alamu."

"Chili panyumba. Nyumba ili pansi."

Abambo adagwira chitseko uku ndi uku, n'kuchikweza pang'ono, ndipo chidazuka. Adali atachipanga dala kuti chizingokolekedwa pa tizitsulo tiwiri tosongoka. Adachisenza pamutu n'kuzungulira nacho bwalo lonse pang'onopang'ono, nkhuku zikuthawa, amayi atagwira pakamwa.

"Chanyamulika kapena sichidanyamulike?"

Atsibweni adayang'ana kuphiri nthawi yaitali. "Chanyamulika," adatero, ndipo tsiku limenelo adabwerera kwa apongozi awo dzuwa likadali pamwamba.

Kuyambira pamenepo chitseko chija chidasanduka pakamwa pa abambo. Sanali munthu wodziwa kukalipa, makamaka m'Chinyanja chomwe chinkawathawa akapsa mtima. Akayambana ndi amayi, ankangozula chitseko, n'kukachiyedzamiritsa pamtengo wa mango uja, iwo n'kukhala pambali pake atapinda manja. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake: mwamuna wasonkhanitsa chuma chake, akupita. Amayi ankawasiya choncho mpaka mthunzi utasuntha. Kenako ankatulukira pakhomo n'kunena kuti, "Bambo a mwana, bwezerani chitseko, nkhuku zikulowa." Amayi anga sadapepesepo munthu chibadwire. Kupepesa kwawo kunali kumeneko, ndipo abambo ankakulandira.

Amayi adamwalira ndi chifuwa nthawi ya dzinja, ine nditakwatiwa kale, mwana woyamba ali kumsana. Sindifuna kunena zambiri za masiku amenewo. Ndingoti abambo, amene ankazula chitseko pa nkhani ya ndiwo zopanda mchere, miyezi imeneyo sadachikhudze n'komwe. Ankangokhala kuseri kwake.

Aliyense ankadziwa chimene chikubwera. Tikakolola kudzafulidwa mowa, tidzameta, nyumba ya womwalira idzagwetsedwa monga mwa mwambo, ndipo mkamwini adzasudzulidwa, kutanthauza kumumasula kuti abwerere kwawo. Kwa amuna ena limeneli linali tsiku labwino ndithu, chifukwa ankapita kwa alongo awo n'kukapeza banja lina. Koma abambo anga akadapita kuti? Tsitsi linali litayera, mawondo atatha ndi matabwa a kuphiri, ndipo kutsidya kwa Ruo kunalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina lawo.

Ndidapita kwa atsibweni. Ndidagwada bwinobwino n'kuwapempha kuti abambo atsale.

"Mwanawe, lamulo sindidapange ndine," adatero. "Ndikasiya mkamwini mmodzi, mawa akamwini onse adzati nafenso tatsala. Ndiye mudzi udzakhala wa yani?"

"Atsibweni, alibe kwawo."

"Aliyense ali ndi kwawo."

Ndidapsa mtima kwambiri. Ndidanyamuka osatsazika. Masiku otsatira akabwera kwathu ndinkawapatsa madzi m'chikho chong'aluka, ndiwo ndinkawagawira msuzi wokhawokha. Iwo ankadya osadandaula, zomwe zinkandiwonjezera mkwiyo.

Ngati kuti zimenezo sizidakwane, adayamba kudula mitengo n'kumamanga kanyumba pafupi ndi yanga. Ankati n'kopumuliramo akabwera kudzaona mbumba, chifukwa atopa kukhala pamipando ya eni. Kapitawo atadutsa adawerenga kanyumbako, n'kufunsa kuti thangata lake agwira ndani. Atsibweni, chisoti chili m'manja, adati agwira okha. Ndidauza amuna anga kuti onani munthu wouma mtima: akuthamangitsa nkhalamba yopanda kolowera, iye akumanga nyumba yogonamo masana. Amuna angawo nawonso anali mkamwini, ndipo masiku amenewo ankangozungulira pakanyumbako kuthandiza kufolera. Ndidawatcha wokomedwa ndi mabwana.

Tsiku lidafika. Tidameta m'mawa, anthu adakhala pabwalo, ndipo atsibweni adaimirira ndi mawu awo onse.

"Alamu, mudatisungira mlongo wathu bwino. Mudatiberekera ana. Tilibe nanu mlandu. Lero takumasulani. Tengani zanu zonyamulika, mupite kwanu ndi mtendere."

Abambo adaomba m'manja mwaulemu. Adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi khasu, nkhwangwa ndi mphasa, zonse atazimanga pamodzi. Kenako adagwira chitseko uku ndi uku. Chidakana pang'ono, chifukwa tizitsulo tidali titachita dzimbiri, koma chidazuka. Adaika nkhata pamutu n'kuchisenza. Palibe adaseka ulendo uno. Adandiyang'ana ine, n'kuyang'ana mwana, ndipo adalowa njira ya ku Limbuli, yopita kumalire. Chitseko chinkapendama pamutu pawo. Ine ndinkalira mokweza osasamala za anthu.

Atsibweni adangoima chilili. Adawasiya adutse nkhokwe, adutse mtengo wa mango, adutse nthochi zomaliza pamene mudzi wathu unkathera. Atangoponda kunja kwa mudzi, mawu aja adamveka mpaka kumtsinje.

"Alamu! Taimani kaye!"

Chitseko chidatembenuka pang'onopang'ono, abambo ali pansi pake.

"Anthuni, nonse mwaona," atsibweni adauza bwalo. "Mkamwini wasudzulidwa, watuluka m'mudzi ndi katundu wake. Lamulo latha pamenepo. Tsopano ndikulankhula ndi munthu wapaulendo." Adayenda kukawapeza, ife tonse tikutsatira. "Bambo inu, ndaona mwasenza chitseko. Ine ndamanga nyumba koma ilibe chotsekera. Simungandibwereke?"

Thukuta linkawatsika abambo m'mutu mometa mwatsopanomo.

"Chitseko changa sichigona kumene ine kulibe," adatero.

"Limenelo ndiye vuto. Anthu a mudzi uno ndimawadziwa, ndi akuba. Mukachisiya chokha, mawa mudzamva kuti n'cha mbumba. Koma ngati mukufuna kuchilondera, muzigona kuseri kwake. Ine sindingakuletseni kulondera katundu wanu."

"Mpaka liti?"

"Mpaka nditapeza changa."

Amuna anga ndiwo adalandira chitseko pamutu pa abambo. Atafika nacho pakanyumba kaja, ndidaona kuti pamphuthu pali kale tizitsulo tiwiri tatsopano. Chitseko chidalowa ndendende, osatsala mpata ngakhale wa chala. Ndi pamene ndidadziwa chimene amuna anga ankakachita ndi kabango kunyumba ya abambo masiku aja, akumati akufuna makoswe: ankayeza chitseko. Iwo ndi atsibweni adandisiya ndikudana nawo nyengo yonse ya zokolola. Nditawafunsa chifukwa chake, atsibweni adati pakamwa panga sipasunga kanthu, ndipo akamwini ena akadamva msanga, bwenzi aliyense atapala chitseko. Madzulo amenewo ndidawagawira nyama, koma chikho ndidawapatsa chong'aluka chomwe chija.

Atsibweni sadapeze chitseko chawo, ndipo sindikhulupirira kuti adachifunafunapo. M'kanyumbako sadagonemo ngakhale masana amodzi. Chaka ndi chaka ankapita kumunda wa tiyi kukagwira thangata la nyumba imeneyo, akubwerako msana utauma, n'kudzakhala pakhonde kukangana ndi abambo. Nkhani inali imodzi yomweyo: wobwereka ndani pakati pa awiriwa? Atsibweni ankati abambo akukhala m'nyumba ya eni. Abambo ankati nyumba yopanda chitseko ndi khola chabe, choncho atsibweni ndiwo akukhalira chifundo chawo. Atsibweni akawonjeza mawu, abambo ankadzuka n'kugwira chitseko uku ndi uku, ndipo mlandu unkathera pomwepo.

Abambo adamwalira nkhondo ya azungu ija yotenga amuna kukasenza katundu isanafike kwathu. Adagona masiku ochepa chabe. M'mawa wa maliro akuluakulu adakhala pansi pa mango kufunsana funso limene ndinkaliopa. Mkamwini akamwalira amakaikidwa kwawo, chifukwa manda ndi a mbumba. Nanga uyu apita kuti? Ena ankati akumbiridwe kunja kwa msitu wa manda, m'mphepete mwa njira, kumene tinkaika alendo.

Atsibweni adali atakalamba, mawu aja atayamba kusasa. Adapita pakanyumba kaja, n'kugwira chitseko uku ndi uku. Chidawalemera, koma adakana kuthandizidwa mpaka chidazuka.

"Mkamwini amachoka ndi zonyamulika zake," adatero. "Agonekeni apa."

Adawanyamulira pachitseko chawo, atakulungidwa mumphasa yawo, atsibweni ali patsogolo ndi ndodo. Pofika pamphambano sadakhotere kwa alendo. Adalowa mumsitu mwenimweni mpaka pamene padagona amayi, n'kuloza pansi ndi ndodo. Adzukulu okumba manda adayang'anana, koma adakumba.

Kale manda ankakumbidwa ndi kachipinda kam'mbali pansi pake, mogonekamo thupi, ndipo pakhomo pake ankatsekapo ndi timitengo kuti dothi lisagwere munthu. Atawagoneka abambo, wina adayamba kupukuta chitseko kuti tibwerere nacho kumudzi. Ndikuvomereza kuti amuna anga ankachiyang'ana ndi diso lachifundo, pakuti mkungudza wotere sunkapezekanso wamba.

"Chitsitseni," atsibweni adatero. "Ndidabwereka, ndikubweza."

Adzukulu adachitsitsa n'kutseka nacho kachipinda kaja. Dothi loyamba litagwera pathabwa, chidalira monga chinkalirira anthu akamagogoda kudzapempha moto. Atsibweni adadikira mpaka manda atadzaza. Kenako adatembenukira kwa akuluakulu aja, misozi ikutsikira m'ndevu, n'kukweza mawu amene adawatsalira.

"Mwaona nonse. Chazikika pansi. Iwo ndi chitseko chawo, tsopano ndi athu."