Laimu wa Esau

Esau Chimkoko anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo mpaka lero amakhoma mbaula pafupi ndi msika wa ku Mgona. Ndi munthu waukhondo mochita kunyanya, woti sagwira nyundo asanasese pamalo. Tsoka lake n'lakuti nyumba yake ili kumunsi, kumene madzi onse amathera. Mvula ikangogwa, zinyalala za anthu akumtunda zimatseka khwawa, madzi n'kulowa mpaka kuchipinda.

Tsiku lina kunabwera mtsikana wa ku yunivesite, dzina lake Suwilanji. Anati iye ndi anzake adzazungulira m'deralo kuti aone mmene anthu a m'tauni amakhalira, ndipo bungwe lina lomanga ngalande lidzatengera zomwe apeze posankha koyambira.

Esau atamva za ngalande anasangalala koopsa. Koma anamvanso kuti kukubwera alendo, ndipo zinthu zinaonongekera pomwepo. Kwathu kuno mlendo salandiridwa pazinyalala. Anamemeza onse okhala m'mbali mwa khwawa, anthu n'kutuluka ndi makasu ndi mawilibala. Anatola mapepala, anakwirira zithaphwi ndi mchenga. Mwiniwakeyo anapaka laimu khoma lake mpaka mzere wa matope, womwe unkalekeza m'chiuno, unafufutika.

Ophunzira aja anafika n'kuyamba kujambula.

"Kuno ndiye kosamalika bwanji, abambo!" anatero Suwilanji. "Madzi sakuvutani?"

Esau, ali m'jekete lake la kutchalitchi, anachita manyazi kudandaula pamaso pa ana. "Amavutako pang'ono, mayi, koma tikuyesetsa."

Ngalande inapita kudera lina. Esau zinamupweteka kwambiri, makamaka poti panalibe womunena koma iye yemwe. Masiku amenewo ankakhoma mbaula ngati zamulakwira. Mvula ya mu Januwale itabwera, khoma la khitchini linagwa.

Chaka chotsatira uthenga unafika woti kukubwera gulu lina la ophunzira. Esau anayenda khomo ndi khomo. "Pasapezeke wogwira tsache! Aone okha mmene timavutikira."

M'mawa wa tsikulo anadzutsidwa ndi phokoso la tsache. Atatuluka anapeza mkazi wake Jacinta atawerama pabwalo, ndipo amayi a nyumba zoyandikana nawonso fumbi lili koboo.

"Amake Yona, ndinanena chiyani dzulo?"

"Ndinamva, bambo," anayankha Jacinta osaweramuka. "Koma ana a eni atipeze chonchi? Akatinena kuti chiyani kwawoko?"

Esau anayang'ana njerwa za khitchini ija, zili mbwee pamalo pomwe alendo akanakhala, ntchentche zikuzungulira pamatope. Kumtunda kunamveka minibasi ikuima, kenako mawu a achinyamata akutsika.

Anatukwana chamumtima, n'kuthamangira kuseri kukatenga wilibala.